ZA MAPHUNZIRO A NTCHITO YA ALENDO

Masiku ano makolo ambiri m'midzi mwathu ali kugulitsa mbuzi, fodya ndi mtedza kuti atumize ana awo ku mzinda kukaphunzira ntchito yosamala alendo odzaona dziko: ya m'mahotela, ya m'maofesi ogulitsa matikiti a ndege, ndi yotsogolera alendo ku mapiri ndi ku nkhalango za nyama. Sukulu zake zilipo: ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism, ku Mzuzu yunivesite iphunzitsa zomwezi, ndipo palinso zina zing'onozing'ono za eni ake. Popeza ndalama zake zituluka m'nkhokwe za inu owerenga, kuyenera kuti tiyese maphunzirowa pa sikelo, tione pamene alemera ndi pamene apepuka.

Tiyambe ndi choyamika. Alipo akulu ena amene anyoza ntchitoyi, nati, mwana wophunzira angakhale bwanji woyala kama wa munthu wina? Ife sitivomerezana nawo. Kulandira mlendo ndiwo mwambo wa makolo athu: ankamlandira katundu panjira, namuyalira mphasa, namtenthetsera madzi, namphera nkhuku ngakhale inali imodzi yokha. Mwana amene aphunzira ukhondo, kusunga nthawi, kulemba ndalama m'buku ndi kuyankha munthu mwaulemu, wapata kanthu kosatha. Chotero mlandu wathu suli pa ntchitoyo ayi, koma pa kaphunzitsidwe kake. Ndipo tiona zolakwa zitatu.

Cholakwa choyamba ndi ichi, kuti nthawi zambiri ana aphunzitsidwa kukhala antchito okha, osati eni ntchito. Taganizani za munthu uja amene ayesedwa tate wa ntchito yokonza maulendo, Thomas Cook wa ku England. Iye anali mmisiri wa matabwa. Pa 5 July 1841 anapangana ndi eni njanji kuti anyamule anthu ngati 500 kuchokera ku Leicester kunka ku Loughborough, ku msonkhano wa oletsa kuledzera, munthu aliyense nalipira shilingi imodzi kupita ndi kubwera. Cook analibe sitima, analibe hotela. Chuma chake chinali kudziwa chimene anthu afuna, kupangana mtengo, ndi kuwerengera bwino kuti pasakhale chotayika. Imeneyo ndiyo nzeru yeniyeni ya ntchitoyi.

Tsono tifunse: mnyamata wathu amene watsiriza zaka ziwiri, kodi akhoza kukhala pansi ndi pepala, nawerengera ulendo wa alendo anayi ochokera ku Lilongwe kunka ku Liwonde masiku atatu? Ayenera kuikapo galimoto ndi mafuta ake, malipiro a woyendetsa ndi a wotsogolera, ndalama yolowera pachipata cha nkhalango, malo ogona, chakudya, kanthu kosungira tsoka la panjira, ndi phindu lake la iye mwini. Akapanda kudziwa ichi, angakhale adziwa kupinda nsalu ya patebulo mitundu khumi, adzakalamba ali kudikira malipiro a mwezi m'nyumba ya wina.

Nkhani imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Pamene Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe m'chaka cha 1894, anaphunzitsa amisiri a matabwa, omanga, osindikiza mabuku ndi alembi a luso lomveka. Koma ambiri a iwo anakathera mphamvu zawo pa ntchito za eni ake ku Harare ndi ku Joni, pakuti kwawo kunalibe poimika ntchito yawoyawo. Tisabwereze zomwezo ndi maso otseguka. Anzathu a ku Kenya anaona ichi msanga. M'chaka cha 1975, mothandizidwa ndi boma la Switzerland, anatsegula Kenya Utalii College ku Nairobi, kuti ana a dzikolo aphunzire kufikira pa uyang'aniri wa mahotela, ndipo anaika kamsonkho pa mahotela ndi nyumba zodyeramo kolipirira maphunzirowo. Nayonso sukulu yomveka ya ku Lausanne, ya m'chaka cha 1893, anaiyamba ndi eni mahotela amene. Kumene eni ntchito aikapo dzanja, maphunziro sakhala a m'buku mokha.

Cholakwa chachiwiri chitiwawa koposa: ana aphunzira za kutali, osadziwa za pakhomo. Aloweza kuti LLW ndilo bwalo la ndege la ku Lilongwe, BLZ la ku Chileka, ndi zilembo zina za mizinda imene sadzaiona. Ndipo nzabwino, pakuti tikiti silembedwa popanda izo. Koma mlendo amene wawoloka nyanja zamchere sadzera zilembo; adzera dziko ndi anthu ake. Akafika ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'chaka cha 2006 pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi, afuna amve kuti zofiira zija anajambula ndi Akafula, ndi kuti zambiri za zoyera zija zikhudza miyambo ya Achewa. Akafika ku Cape Maclear afuna aone manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene anafika pamenepo mu 1875, namve chifukwa chake anzawo anasamukira ku Bandawe. Afunanso adziwe za nsomba zija za mbuna, zimene zinachititsa kuti malowo akhale otetezedwa kuyambira 1980. Pa Mulanje adzafunsa za Sapitwa, wa mamita 3,002, ndi za mkungudza wa paphiripo umene sumera wokha kwina konse. Ku Nkhotakota adzafunsa za njovu ngati 500 zimene zinasamutsidwa pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017.

Wotsogolera wosadziwa izi achita chiyani? Kapena akhala chete ngati chitsa, kapena apeka bodza, mlendo nalitenga kunka nalo kwawo. Ndipo taonani chodabwitsa: mbali yaikulu ya nzeru zimenezi ili kumudzi, kwa agogo amene mwanayo wawasiya. Iwo ndiwo adziwa maina a mitengo ndi mankhwala ake, kulira kwa mbalame, mbiri ya mafumu, ndi chifukwa chake dambo lakuti litchedwa motero. Sukulu yanzeru ikadatuma wophunzira aliyense kwawo pa tchuthi, kuti akalembe mbiri ya mudzi wake ndi kuiwerenga pamaso pa anzake m'chinenero chake ndi m'Chingerezi momwe. Pomwepo akadaphunziranso malire, kuti zilipo zoonetsa mlendo ndi zina zosaonetsa. Kuti maliro si masewera ojambula. Ndi kuti ana amene athawa sukulu kukapempha ndalama kwa alendo m'mbali mwa nyanja ali chitonzo kwa ife tonse.

Cholakwa chachitatu ndi chakuti ana sauzidwa poyera kuti ntchitoyi ndi yoterera. Makolo anati, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kale wogulitsa matikiti ankalandira gawo lake kwa eni ndege pa tikiti iliyonse. Koma kuyambira 1995 makampani a ndege a ku America anayamba kudula gawolo, ndipo mu 2002 aakulu a iwo analichotsa, ambiri a maiko ena nawatsata. Lero munthu agula tikiti yekha pa intaneti, ali khale m'nyumba mwake. Kampani ija yotchedwa dzina la Thomas Cook, itakhala zaka 178, inagwa mu September 2019, ndipo boma la Britain linachita kutuma ndege kukatenga anthu ake ngati 150,000 amene anatsala m'maiko a eni. Chaka chotsatira, 2020, mliri wa Covid-19 unatseka malire, ndipo oyenda m'maiko ena anachepa ndi oposa 7 mwa 10 alionse. Mahotela a kunyanja anakhala pululu, antchito nabwerera kumudzi kudzagwira khasu.

Mankhwala a ichi alipo, ndipo tiwaona mwa Cook yemweyo: anthu ake oyamba sanali alendo a kutsidya, koma anansi ake. Kuno kwathu oyenda sasowa. Amayi a chigwirizano apita ku misonkhano, makwaya achezerana, ana a sukulu afuna kuona nyanja imene angoiwerenga m'buku, a ukwati asowa galimoto ndi malo, amalonda apita ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam mwezi ndi mwezi. Onsewa avutika ndi maulendo osakonzeka, nagona pa siteji, nabedwa ndi akamberembere. Mnyamata kapena mtsikana wokhulupirika amene adziwa kuwakonzera ulendo pa mtengo woona adzadya chaka chonse, alendo a kunja abwere kapena asabwere. Koma ndi sukulu zingati zimene ziyesa anthu otere alendo oyenera kuwaphunzira?

Potsiriza, mawu kwa inu makolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi chikwangwani chokongola kapena yunifolomu yoyera. Musanamasule mbuzi pachingwe, pitani nokha kapena tumani wodziwa, akafunse zinthu izi. Kodi sukuluyo ndi yolembedwa ku boma, kwa a TEVETA kapena ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba? Kodi ili ndi khitchini ndi makompyuta ogwira ntchito, kapena ana angokopera za pabolodi? Kodi ituma ophunzira kukagwira ntchito yeniyeni miyezi ingapo asanatsirize? Kodi iphunzitsa kuwerengera mtengo ndi kusunga buku la ndalama? Nanga amene anatsiriza zaka zapitazo ali kuti lero? Sukulu yabwino sidzakwiya ndi mafunso awa. Yokwiya nayo yadziulula yokha.

Ndipo kwa aphunzitsi anzathu a m'sukuluzo titi: ana amene muli nawo anadza ndi thukuta la anthu osauka. Aphunzitseni kutumikira, inde, pakuti wosadziwa kutumikira sakhoza kuyang'anira. Koma musawalekere pomwepo. Muwabwezere kwa ife odziwa dziko lawo, odziwa kuwerengera, ndi olimba mtima kuimika ntchito imene tsiku lina idzalemba ana a anansi awo.