Mlatho wa Chiromo

Aliyense amene anakulira m'chigwa cha Shire amaudziwa mlatho wa Chiromo, pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Koma ndi angati amadziwa kuti mlatho woyamba pamalopa unkapatukira sitima za pamadzi?

Atsamunda atamanga njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kukafika ku Blantyre mu 1908, Shire unali udakali msewu waukulu wa malonda. Motero gawo lina la mlathowo analipanga loti lizikwezedwa sitima ya pamadzi ikafuna kudutsa, kenako lizitsitsidwanso kuti ya pamtunda iwoloke. Tisawayamikire mopitirira, chifukwa mtima wawo unali pa fodya, tiyi ndi thonje, osati pa Amang'anja ndi Asena. Komabe ankadziwa kuti mtsinjewu ndi wofunika kugawana nawo njira.

Shire sanachedwe kuonetsa mphamvu zake. Mu 1948 anaukokolola mlathowo, ndipo pofika 1950 wina unali utamangidwa. Zaka ziwiri zokha! Mlatho watsopanowu ndi umene unadzasanduka wa anthu wamba. Amayi osenza nsomba ndi mbatata, ana asukulu, apanjinga ndi odwala, onse ankawolokera pomwepo pakati pa Bangula ndi Makhanga.

Mu 1997 madzi osefukira anaulambalala mlathowo n'kudula njira cha ku Bangula. Pamalo podukapo anthu anapatcha kuti Mtayamoyo, dzina losafuna womasulira. Ine ndinawolokapo pa bwato ndili pa ulendo wa ntchito ya boma, chikwama cha mapepala chili pamiyendo, pambali panga pali mayi wodwala matenda aakulu akubuula. Mwini bwato anatiuza kuti tisaviike manja m'madzi chifukwa cha ng'ona. Ndinachita manyazi, poti mapepala ndinanyamulawo ankanena za chitukuko.

Apa ndi pomwe pagona dandaulo langa. Tinapitiriza kuwerenga mlathowu ngati chuma cha dziko chifukwa zitsulo zake zinali chiimire, ngakhale sitima inali italeka kuwolokapo. Malonjezo amabwera nthawi ya chisankho, mvula ikagwa amapita ndi madzi. Chigumula cha 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 zinapeza anthu a kutsidya ali kale pa chilumba.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Amene adzamange pa Chiromo ayambe wafunsa eni mabwato kuti Shire amadzera pati akakwiya, asanajambule chilichonse mu ofesi ku Lilongwe.