Theka la m'kabokosi ka klorini

Pa tchati cha maelementi chomwe chimapachikidwa m'kalasi ya sayansi, kabokosi ka klorini kali ndi zolembedwa zochepa: 17, Cl ndi 35.5. Ophunzira amaziloweza pokonzekera mayeso a MSCE, koma ndi ochepa amene amaima n'kufunsa chifukwa chake nambala imodzi ili yathunthu pomwe inzakeyo ili ndi theka.

Nambala 17 ndi yochita kuwerenga. Atomu iliyonse ya klorini, kaya ili mu mchere wa m'ndiwo kaya m'mankhwala othira m'madzi akumwa, ili ndi mapulotoni 17. Ikakhala ndi 18, imeneyo ndi argon.

Koma 35.5 ndiyo yofunika kuiwerenga mofatsa, chifukwa palibe atomu ya klorini yolemera chomwecho. Pafupifupi kulemera konse kwa atomu kumachokera ku mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo nyutuloni sidulidwa pakati. Klorini wa m'chilengedwe ndi wa mitundu iwiri yosakanikirana: klorini-35 wa manyutuloni 18, ndi klorini-37 wa manyutuloni 20. Amenewa ndiwo maisotopu. Pa maatomu 100 aliwonse, pafupifupi 76 ndi opepukawo, 24 olemerawo. Tatengani anayi okha: atatu a 35 ndi imodzi ya 37 akwana 142, ndipo mukagawa panayi mupeza 35.5. Choncho nambalayi ikunena za khamu lonse pa avareji. Kabokosiko kamaika nambala ziwirizi moyandikana osatiuza kuti n'zosiyana mtundu, ndipo ndi pomwepo ana ambiri amasokonekera. Ine ndimaona kuti mwana ayenera kuchita yekha samu imeneyi asanauzidwe kuloweza kalikonse.

Theka limeneli linasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 100. Mu 1815 William Prout anaganiza kuti maatomu onse ndi omangidwa ndi haidrojeni, kotero kulemera kwawo kuyenera kukhala nambala zathunthu. Klorini anakana. Ankamuyeza mobwerezabwereza, thekalo osachoka, mpaka ambiri anataya ganizo la Prout. Mu 1919 Francis Aston, ku Cambridge, anapanga makina olekanitsa maatomu potengera kulemera kwawo. Atayesa klorini anapeza mizere pa 35 ndi pa 37, pomwe pa 35.5 panalibe kanthu. Chomwe chimasiyanitsa mitundu iwiriyo chinamveka James Chadwick atatulukira nyutuloni mu 1932.

Onaninso kuti pambali pa 35.5 sanalembepo magalamu. Nambalayi ndi yoyerekezera: kuyambira 1961, muyeso wake ndi kulemera kwa atomu ya kaboni-12 kukagawidwa pa 12. Ndiponso 35.5 ndi yofupikitsa, chifukwa matchati ena amalemba 35.45. Bungwe la akatswiri a kemisitiri la IUPAC linapitirira apo mu 2009, pomwe linagwirizana zolemba malire awiri, 35.446 ndi 35.457, popeza kuchuluka kwa klorini-37 kumasiyanako pang'ono malinga ndi komwe kloriniyo watengedwa.