Makina okha sangapeze poizoni: kuunika kafukufuku wa Kosamu, Kaonga ndi Utembe

Mu 2020, Ishmael Kosamu, Chikumbusko Kaonga ndi Wells Utembe adasindikiza kafukufuku mu International Journal of Environmental Research and Public Health wounika momwe Malawi amayendetsera nkhani ya mankhwala ophera tizilombo m'mbewu. Adapeza kuti bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lidakhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2000, lilibe zipangizo zokwanira zoyezera mankhwalawa, ndipo likuvutika kuyang'anira zotsalira zake m'zakudya komanso kuletsa mankhwala olowa mozemba. Mfundozi n'zoona, ndipo aliyense wogwira ntchito zaumoyo ayenera kuwerenga pepalali.

Komabe wowerenga akhoza kuganiza kuti tikagula makina vuto latha. Dera la Nayuchi likusonyeza kuti sizili choncho. Pamenepa pali chipata cha malire ndi Mozambique, njanji ya ku Nacala, komanso nsomba zouma za m'nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Ku Balaka kuli thonje lopoperedwa cypermethrin. Sampulo iliyonse mwa izi imafuna kachotsedwe kake mankhwala asanafike pa makina.

Njira ya QuEChERS, yomwe Anastassiades, Lehotay ndi anzawo adaibweretsa mu 2003, imagwiritsa ntchito acetonitrile ndi mchere wa magnesium sulphate. Idakonzedwera zipatso ndi masamba a madzi ambiri, monga tomato ndi mpiru. Chimanga ndi matemba ouma amafunika kuwathira madzi kaye, apo ayi mankhwala ambiri amatsalira m'katimo. Mafuta a nsomba nawo amafunika kuwachotsa ndi C18, chifukwa amasokoneza zotsatira.

Madzi a pachitsime amafuna njira ina, solid phase extraction, ndipo mavuto amayambira pamjigo pomwe. Cypermethrin amamatirira m'mbali mwa botolo, makamaka la pulasitiki. Sampulo iyenera kukhala m'botolo lagalasi lakuda, pa 4°C, ndipo mankhwala achotsedwe pasanathe masiku 7. Ulendo wochoka ku Nayuchi kufika ku labotale ya ku Blantyre, m'nyengo yotentha ya Okutobala, umayesa lamulo limeneli.

Palinso tameki, poizoni wa aldicarb yemwe amagulitsidwa m'misika ngati wophera makoswe. Amaphwanyika akatenthedwa mu gas chromatography, choncho amafunika LC-MS/MS, ndipo woyeza ayenera kufufuzanso sulfoxide ndi sulfone, zomwe iye amasandukamo.

Apa ndi pomwe pali ngozi. Lipoti lonena kuti palibe chapezeka limatonthoza akuluakulu a boma, pamene mwina mankhwala adatayika panjira. Kafukufuku wotsatira asonyeze kuchuluka kwa mankhwala omwe njira yake imabweza pa mtundu uliwonse wa chakudya, pakati pa 70 ndi 120 peresenti monga amafunira malamulo a ku Ulaya, komanso mlingo wochepetsetsa womwe ingathe kuona poyerekeza ndi malire a Codex. Pepala la 2020 lidaloza pomwe pali mpata. Ntchito yotsala ndi yoyambira pa sampulo.