Wamisala wa m'sewero ndi alovi a kwa Maganga

Loweruka lapitali ndinali nawo pabwalo la sukulu ina kuno kwa Maganga, kumene achinyamata anaonetsa sewero lotsutsa kusuta chamba. Anthu anabwera osati masewera: amayi oyanika usipa, ana asukulu, akuluakulu a kumzikiti, ndi alovi amene anali atangodzuka kumene poti anachezera panyanja usiku wonse. Dzina la gululi sinditchula ayi, chifukwa chimene ndikudandaula pano si mlandu wawo wokha. Ndi matenda a zisudzo zathu zambiri zikafika pa nkhani ya fodya wamkuluyu.

Nkhani yake ndi yomwe ija mukuidziwa kale. Mnyamata wanzeru wa Fomu 3 akumana ndi mnzake woipa wovala magalasi akuda. Akoka kamodzi, akoka kawiri, kachitatu basi ali m'masanza, akutola mapepala pamsika uku akukangana ndi mtengo wa mango. Wapolisi afika ndi unyolo, amfumu apereka malangizo, ng'oma, sewero latha.

Ndisawalande zabwino zawo. Mnyamata amene anasewera wamisala uja ali ndi luso, thupi lake limamumvera. Koma chimene sindidzaiwala ndi mtsikana amene anasewera mayi. Pa chigawo china anakhala pansi yekha, anamasula mfundo ya kumapeto kwa chitenje, nkuyamba kuwerenga ndalama za mandasi. Anawerenga, anawerenganso, kenaka anayang'ana kukhomo kumene mwana wake anatulukira, osalankhula kanthu. Bwalo lonse linati zii. Amayi awiri amene anakhala pafupi nane anaweramitsa mitu. Pamenepo ndi pokhapo pamene seweroli linanena zoona.

Wamisala atangobwerera m'bwalo, alovi anafa nacho chiseko, koma sichinali chiseko cha munthu amene wagwidwa mtima. Wina kumbuyo kwanga anauza mnzake kuti: "Achimwene, zikadamatero bwenzi bwato lathu lonse lili ku Zomba." Ine ndalemba mawu ambiri pano, koma mloviyu anaweruza seweroli bwino kundiposa.

Musandimve molakwa. Chamba chimavulaza, makamaka amene achiyamba ali aang'ono ndi kumachisuta tsiku ndi tsiku. Ena a iwo amadwaladi mutu, ndipo a pa Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu amawaona. Koma wosuta amene anthu a ku Senga Bay amamudziwa savala masanza. Amalowa m'madzi dzuwa likulowa, amazizidwa ndi mwera wa mu Juni, amakoka chilimira mpaka m'bandakucha, ndipo mwini bwato akachotsa za mafuta, chimene chimatsala ndi chochepa. Amati amasuta kuti apeze mphamvu ndi kuti asaope mafunde. Kaya ndi zoona kaya ndi kudzinyenga, funso limenelo ndilo sewero likadafukula. M'malo mwake linamuonetsa chilombo chimene iye sakuchizindikira, ndiye anapita kwawo atatsimikiza kuti nkhaniyi si yake.

Chachiwiri ndi unyolo uja. Olemba athu amaukonda chifukwa umatseka nkhani msanga. Koma taonani amene wamangidwa. Wa magalasi akuda anazimiririka pakati pa sewero, ndipo palibe anafunsa za iye. Nanga amene amatumiza matumba kuchokera ku mapiri a Nkhotakota kudzera mumsewu wa M5, umene umadutsa pa Salima pompa? M'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo chiphaso cholimira cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000 a ku America. Kusuta kunakhalabe mlandu. M'chaka cha 2022 khoti lina ku Blantyre linagamula mnyamata zaka 8 chifukwa chopezeka ndi matumba a chamba, pamene bwana wa kampani ina yaikulu anangolipira chindapusa pa mlandu wolima chamba kunyumba kwake. Anthu anachita zionetsero, ndipo khoti lalikulu linachepetsa chilango cha mnyamatayo. Owonera a kwa Maganga anamva zonsezi pawailesi. Ukawaonetsa wapolisi ngati yankho lomaliza, amadziwa kuti unyolowo uli ndi manja amene umakwana ndi ena amene sukwana.

Mwina wina anena kuti sewero la pabwalo la sukulu silingasenze zonsezi. Koma nkhani yabodza ili ndi mtengo wake, ndipo a ku America anaulipira. Iwo anakhala akumenya nkhondo ndi mankhwala ozunguza bongo kuyambira nthawi ya Richard Nixon m'chaka cha 1971, maso ali pa munthu wa magalasi akuda wa pakona. Tsoka linabwera ndi munthu wovala gauni loyera. M'chaka cha 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapiritsi opha ululu a OxyContin, madokotala nkumalembera odwala msana ndi ovulala pantchito. Ambiri atakodwa anasamukira ku heroin, kenaka ku fentanyl, ndipo m'chaka cha 2022 chokha anthu oposa 100,000 anafa ndi mankhwala opyola muyezo, ambiri a iwo ndi mankhwala a mtundu umenewu. Sanali amisala otola mapepala. Ndipo si zakutali kwenikweni: ku Zimbabwe, kumene abale athu ambiri amakhala, achinyamata anazolowera kumwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene amawatcha bronco. Botolo lotere likafika padoko lathu, mwana amene anaphunzira kuti choopsa ndi utsi ndi magalasi akuda adzalimwa mosaopa.

Dziko la Portugal linasankha njira ina m'chaka cha 2001: wopezeka ndi pang'ono pogwiritsa ntchito yekha amakaonekera ku komiti imene mumakhalanso a zaumoyo, pamene wogulitsa amamangidwabe. Sindikuti tingotengera, poti iwo anaikanso ndalama m'zipatala zothandiza okodwa, pamene mayi wa mandasi uja ngakhale ya minibasi yopita ku Salima boma ayenera kukongola. Koma funso lakuti mwanayu apite kundende kapena kuchipatala ndi funso la sewero lenileni, loti anthu nkukangana mpaka mdima.

Njira yake ilipo kale, si yachilendo. M'zaka za m'ma 1980 a Chancellor College Travelling Theatre, ndi a Chris Kamlongera, ankapita ku Mbalachanda ndi ku Liwonde, kuyamba amvetsera anthu, kenaka nkusewera zimene amva, nkumaima pakati kufunsa owonera chochita. Achinyamata athuwa akadaimitsa sewero pamene mayi akumanga chitenje chake, nkutembenukira kwa alovi aja kuti: "Nanga inu akuluakulu, mayiwa apite kuti?"

Titamwazikana ndinafunsa mtsogoleri wa gululi chifukwa chake anathera pa unyolo. Anaseka mwamanyazi nati: "Bambo, amene anatipatsa masikipa ndi ya thiransipoti anatipatsanso uthenga wake." Akuti mwezi wamawa akasewera kudoko la Nguwo. Ndamupempha kuti wamisala uja amuvule masanza, amupatse nkhafi, ndipo mtsikana wa chitenje amuwonjezere nthawi.