Duwa Limatukuka, Nsalu Imagwa

Pa 12 February 1947, m'nyumba nambala 30 pa Avenue Montaigne mumzinda wa Paris, Christian Dior anaonetsa zovala zake zoyamba. Zina mwa izo anazitcha Corolle, kutanthauza timasamba ta duwa tozungulira pakati pake. Mapewa anali otsetsereka, chiuno choning'a, siketi yotambasuka mpaka m'munsi mwa mawondo. Anthu anali atangotuluka m'nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, nsalu ikugulidwabe moyeza, ndiye ena anakwiya poona mamita ochuluka chotere akuthera pa mkazi mmodzi. Mumzinda womwewo, pa Rue de la Paix, Madame Grès nayenso ankamaliza nsalu yambiri pa diresi imodzi, koma yake sinkatambasuka. Inkatsika kuchokera paphewa, kudzera pachifuwa, n'kukagwera pansi m'timakwinya tosawerengeka, monga zovala za pa ziboliboli za Agiriki akale.

Wokonza zovala aliyense amene lero akufuna kuti maluwa ndi kavalidwe ka Agiriki zikumane m'gulu limodzi la zovala akuitanira anthu awiriwa pamphasa imodzi, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Vuto n'lakuti sagwirizana. Duwa likamatsegula limakankhira kunja ndi kumwamba, ndipo kuti nsalu ichite zimenezo pamafunika choigwiriziza mkati. Nsalu yokulunga thupi imamvera kulemera kwake komwe, ndipo ikangochirikizidwa yafa. Zovala zambiri zimene zimatuluka ndi mutu umenewu zimalephera pamenepa: wosoka sanasankhe kuti wamkulu ndani pakati pa duwa ndi nsalu.

Tiyambire kwa Agirikiwo. Chovala cha akazi chotchedwa peplos chinali nsalu imodzi yaubweya ya ngodya zinayi, yopinda kumtunda, yogwidwa ndi mapini pamapewa, n'kumangidwa lamba m'chiuno. China, chiton, kawirikawiri chinali cha nsalu yopepuka ya bafuta. Lumo silinkagwira ntchito kwenikweni. Nsalu inkavalidwa mmene yachokera kwa woomba, ndipo maonekedwe ake ankabadwa m'mawa uliwonse m'manja mwa wovalayo. Koma okonza zovala a ku Paris sanaphunzire kwa akazi amenewo. Anaphunzira kwa miyala: akazi osemedwa amene ankasenza denga la kachisi wa Erechtheion ku Athens, ndi Nike wa ku Samothrace amene waima pamwamba pa masitepe m'nyumba yosungiramo zakale ya Louvre, nsalu yake itamatirira pamimba ngati yanyowa. Wosema ankaika khwinya lililonse pamene akufuna ndipo silinkasunthanso. Nsalu yeniyeni sichita zimenezo. Ngakhale kuyera kumene anthu amati ndi kwa Chigiriki kunabwera mwangozi, chifukwa ziboliboli zija zinali zopakidwa utoto wowala umene unasuluka m'kupita kwa zaka. Choncho amene amasoka gulu lonse la madiresi oyera n'kumati akutsata Agiriki akutsata mvula ndi dzuwa zimene zinachotsa utotowo.

Ena mwa oyamba kuyesa kugwira makwinya a mwala pa nsalu anali Mariano Fortuny ndi mkazi wake Henriette Negrin ku Venice. Diresi yawo yotchedwa Delphos, ya m'chaka cha 1907, inatenga dzina ku chiboliboli chamkuwa cha woyendetsa galeta chimene chinafukulidwa ku Delphi mu 1896. Inali silika wopyapyala wokwinyidwa mothithikana, ndipo m'mbali ankaikamo mikanda ya galasi ya ku Murano kuti ikokere nsaluyo pansi. Mikanda ija inali yokongola, inde, koma inalipo pa ntchito. Mwini diresi akavula ankaipotokola n'kuisunga m'kabokosi kuti makwinya asathe.

Madame Grès anapita patali kuposa apo, ndipo ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Dzina lake lobadwa nalo linali Germaine Émilie Krebs, anabadwa mu 1903, ndipo ali mtsikana ankafuna kukhala wosema ziboliboli. Sankayamba ndi pepala. Ankaimika munthu kapena chidole patsogolo pake, n'kutenga nsalu ya silika yotanuka yotchedwa jersey, n'kuyamba kuipinda ndi zala. Khwinya limodzi, pini. Lina pambali pake, pini. Makwinyawo ankapanikizana kwambiri moti nsalu ya masentimita 280 m'lifupi inkatha kutsala masentimita 7 okha. Diresi imodzi inkadya mamita apakati pa 13 ndi 21, ndipo ina inkatenga maola 300. Mukaiyang'ana pafupi mumaona kuti makwinya aja sayenda mofanana. Pansi pa bere amathinana, m'nthiti amapatukana pang'ono kuti munthu apume, pachiuno amakumananso, kenako amamasulidwa onse pamodzi n'kugwa mpaka kumapazi. Palibe pamene nsalu yadulidwa kuti ilowe m'thupi. Yangokakamizidwa kutsata thupilo.

Chinsinsi chili mkati. Mukaitembenuza diresiyo mumapeza kabodi kolimba kogwira chifuwa, ndipo khwinya lililonse lasokeredwa pamenepo ndi singano yamanja. Ufulu umene maso amaona kunja ndi wochita kumanga. Mkazi wa ku Athens akanatha kumasula peplos yake n'kuifunda usiku, koma diresi ya Grès singabwererenso kukhala nsalu wamba. Sindikunena izi momunyoza. Iye anamvetsa kuti akupikisana ndi wosema mwala, ndipo anapambana pogwiritsa ntchito mapini ndi ulusi. Mu 2011 madiresi ake ataikidwa pakati pa ziboliboli mu Musée Bourdelle ku Paris, sanaoneke ngati alendo. Ndipo m'madiresi ake otchukawo simupezamo duwa lomata. Ankadziwa kuti maso sangatsate mizere mazanamazana kwinaku akusirira duwa la rozi.

Dior anali wa mbali inayo, ndipo maluwa anali m'magazi mwake. Anakulira ku Granville, m'mphepete mwa nyanja ku Normandy, kumene mayi ake Madeleine ankasamalira munda wa maluwa. Mchemwali wake Catherine, atapulumuka kundende ya Ravensbrück, anakhala wogulitsa maluwa pamsika wa Les Halles. Koma taonani zimene duwa la Dior linkafuna kuti liime. Jekete yotchuka ya Bar inali ndi zoikamo m'chiuno kuti itukuke. Masiketi ambiri ankakhala pamwamba pa nsalu zolimba zam'kati zosanjikizana. Diresi ya Junon ya mu 1949 ili ndi siketi ya timasamba tikuluikulu tosanjikizana, kalikonse kopetedwa ndi tinthu tonyezimira m'mphepete, ndipo kalikonse kanadulidwa pakokha, kulimbitsidwa pakokha, n'kusokeredwa pamalo pake. Dzina ndi la mulungu wamkazi wa Aroma, koma kasokedwe kake kalibe chibale chilichonse ndi peplos. Ku America, Charles James anafika pamapeto penipeni a njira imeneyi ndi diresi yake ya Clover Leaf ya mu 1953, imene siketi yake imaima yokha m'mbali zinayi, yolemera makilogalamu angapo. Ndi yodabwitsa, koma thupi la wovala lilibe chonena m'menemo. Langobwereka malo.

Njira yachidule imene ambiri amathamangira ndi yosoka diresi yokulunga kenako n'kumatapo maluwa ansalu paphewa kapena m'chiuno. Luso lopanga maluwa otero si lamasewera. Ku Paris kuli nyumba ya Lemarié, imene inayamba mu 1880 ndipo imapangira Chanel maluwa a camellia. Kumeneko kasamba kalikonse kamadulidwa pakokha n'kupindidwa ndi kachitsulo kotenthetsa. Koma duwa lotero lili ndi kulemera kwake. Mukalipachika pa silika wofewa limakoka makwinya onse kuti aloze kwa ilo, ndipo mzere umene unayenera kutsika kuchokera paphewa mpaka pansi umathyokera pakati. Wosoka akaona zimenezo amalimbitsa pansi pa duwalo, malowo n'kuuma, diresi n'kukhala ndi chotupa. Raf Simons, poonetsa zovala zake zoyamba ku Dior mu July 2012, anakuta makoma a zipinda ndi maluwa enieni, madiresi ambiri n'kuwasiya opanda chomata. Mwina anawononga ndalama zambiri, koma anadziwa pamene duwa silisokoneza.

Amene anayanjanitsa ziwirizi, mmene ndikuonera, ndi Madeleine Vionnet, amene anatsegula nyumba yake mu 1912 n'kuitseka nkhondo yachiwiri itayamba. Nsalu yoomba ili ndi ulusi woimirira ndi wopingasa, ndipo mukaikoka motsata ulusiwo sitanuka. Mukaikoka chopendekera, kuchokera pangodya ina kupita pangodya inzake, imatanuka. Vionnet ankadula madiresi athunthu chopendekera chotero, ndipo ankayesera kaye pa kachidole kamtengo kotalika masentimita pafupifupi 80, akukazunguliza ndi dzanja. Tengani nsalu ya ngodya zinayi zofanana, muigwire pangodya imodzi, muisiye ilendewere. Imadzipinda yokha n'kusongoka kunsi, ndipo chimene mwagwiracho chayamba kale kufanana ndi kasamba ka duwa. Madiresi ake ena a m'zaka za m'ma 1920 ndi nsalu zotero zingapo zolumikizidwa pamapewa ndi m'mbali. Wovala akaima, zimagwa ngati za pachiboliboli. Akatembenuka, zimatseguka. Duwa lili m'kadulidwe, ndipo palibe choti muchotsepo diresi n'kutsala. Mtengo wake ndi kuleza mtima: nsalu yodulidwa chopendekera imapitiriza kutsika ikasokedwa, ndiye imayenera kupachikidwa kaye isanapindidwe mpendero, apo ayi mpenderowo udzakhala wokhota pakatha sabata.

Kwathu kuno nkhani yokulunga nsalu si yochita kuwerenga m'mabuku. Chitenje ndi mamita awiri osadulidwa, ogwidwa ndi kapindidwe ka m'chiuno basi, ndipo zambiri zimabwera ndi maluwa odindidwa kale. Wina angaganize kuti ndiye zonse zakumana. Koma telala aliyense amene anayesapo kukwinya chitenje mothithikana akudziwa zimene zimachitika. Thonje lake ndi lokhuthala, likakhala latsopano limakhalanso louma, ndipo m'malo mogwa limatukuka. Duwa lalikulu lodindidwa lija likalowa m'makwinya limatha, pamatsala mizere ya mitundu yopanda tanthauzo. Chitenje chatsopano chili kumbali ya Dior: chimakonda siketi yotambasuka, mkono wotukuka, mpango woima pamutu. Chimene chimagwa bwino ndi chakale, chochapidwa kambirimbiri, chimene amayi amaberekera mwana, koma ndi makasitomala ochepa amene angalipire diresi yaukwati yosokedwa ndi chimenecho. Wofuna mizere ya Grès ayenera kuyamba wapita kukagwira nsalu zina m'sitolo, kuzikweza m'mwamba ndi kuziona mmene zikugwera, asanajambule kanthu papepala.

Pokonza gulu lonse la zovala, chimene chimathandiza si kuchulutsa mitundu ya maluwa. Rozi pa diresi yoyamba, kakombo pa yachiwiri, mpendadzuwa pa yachitatu, zimenezo ndi shopu ya maluwa. Duwa limodzi likwanira, mukalitsata moyo wake wonse. Lisanatsegule limakhala lokulungika molimba, timasamba titapotana kuzungulira pakati, ndipo pamenepo lili pafupi kwambiri ndi nsalu yozengereza thupi. Likatsegula ndi la Dior, lofuna zochirikiza. Likayamba kufota, timasamba timalefuka n'kulendewera, ndipo kwa nthawi yoyamba duwa limamvera lamulo lomwe nsalu imamvera. Okonza zovala ambiri amathamangira gawo lapakatilo chifukwa ndi limene limajambulika bwino, chonsecho mbali ziwiri zinazo ndi zimene zimalankhulana ndi Agiriki. Alexander McQueen anaona zimenezi. Pa chionetsero chake cha Sarabande mu October 2006, diresi yomaliza inali yokutidwa ndi maluwa ansalu osakaniza ndi enieni, ndipo enieniwo ankathothoka n'kugwa pansi wovalayo akuyenda. Diresiyo sinali ya Chigiriki mpang'ono pomwe, koma ndi imodzi mwa zochepa zimene zinalola duwa kugwa.

Chotsala ndi masamu, amene okonza zovala sakonda kuwatchula pa zionetsero. Siketi ya timasamba ikhoza kujambulidwa papepala, kudulidwa kambirimbiri, n'kugawidwa kwa osoka khumi. Makwinya a pachidole sagawika chotero, chifukwa thupi lina likabwera ntchito imayambiranso. M'gulu la zovala makumi atatu, wosoka wanzeru amaika madiresi awiri kapena atatu otero, enawo n'kuwadula mwanjira ya Vionnet imene imatheka kubwereza. Grès sankafuna kunyengerera pa zimenezi. Anagulitsa nyumba yake kwa Bernard Tapie mu 1984, mu 1987 inagwa ndi ngongole, ndipo iye atamwalira mu November 1993 anthu anadzamva patatha chaka chathunthu. Nyumba ya Dior ikadali pa nambala 30 pomwe paja, ndipo mu June 2021 inakaonetsa madiresi otengera peplos m'bwalo lakale la Panathenaic ku Athens, atsikana ena atavalira nsapato zothamangira.