Buku Likabwerera Kumudzi: Maganizo pa "Mbiri ya Achewa" ya S. J. Ntara

Pa nyengo ya masika, mpunga utayamba kucha m'dambo la Lifuwu, ndinakhala masiku asanu m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ndili kufunsa mbiri ya makolo. Mkulu wina wa imvi, amene ndinawapeza ali kusoka ukonde patsinde pa mtengo wa mango, anandilandira bwino, nandifotokozera ulendo wonse wa Achewa: kuchoka kwao ku Uluwa, kufika pa Kaphirintiwa, kufikira Kalonga atakhazikika ku Mankhamba. Nkhani yao inali yolongosoka, yopanda podukiza, ndipo ndinalemba mokondwa mpaka dzanja linatopa. Potsiriza ndinati, "Agogo, kodi zimenezi munazimva kwa yani?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, aphunzitsi athu ankatiwerengera m'buku la a Ntara tili pa sukulu." Ndinatseka kope langa ndili chete. Ndinayenda mtunda wautali kufuna madzi a pakasupe, koma ndinatunga a mumtsuko umene ndinausiya kunyumba.

Tisanalipeze chifukwa bukuli, tiyenera kuyamba talipatsa ulemu wake. Bambo Samuel Josia Ntara, amene anabadwa mu 1905, anali mphunzitsi monga ife, wa Mishoni ya Nkhoma. Anatchuka poyamba ndi buku la Nthondo la mu 1933, limene T. Cullen Young analitembenuzira m'Chingerezi. Mbiri ya Achewa inatuluka m'zaka za 1940, nisindikizidwanso mu 1965. Masiku amenewo mwana wa sukulu ankaloweza maina a Livingstone ndi Johnston, osadziwa kuti Undi ndi Mwase nawonso ali ndi mbiri yoyenera kulembedwa. A Ntara anasonkhanitsa zonena za akuluakulu, nazilemba m'chinenero cha eni ake, ndi mawu osavuta amene mlimi angamve mwana wake akamuwerengera madzulo. Pa ichi tili nao ngongole yaikulu.

Komatu ubwino womwewo ndiwo unabala vuto limene ndinakomana nalo ku Lifuwu. Mbiri ya pakamwa siikhala imodzi. Banja lililonse la ufumu limasunga yake, ndipo a Phiri sanena molingana ndi a Banda. Mlembi akazilumikiza kuti zikhale nkhani imodzi yosalala, zotsutsana zimabisika, ndipo kawirikawiri wowerenga sangathe kusiyanitsa mawu a mkulu wakutiwakuti ndi maganizo a mlembi mwini. Tsono bukulo likalowa m'sukulu, nkhani yosalalayo imabwerera kumudzi itavala ulemu wa zosindikizidwa, ndipo mkulu amene anamva zina kwa amalume ake amachita manyazi kuzinena, poyesa kuti zake ndizo zolakwa. Kumasulira kwa Chingerezi kwa mu 1973, kwa W. S. Kamphandira Jere, kunatuluka ndi ndemanga za Harry Langworthy, amene anafufuza yekha mbiri ya ufumu wa Undi. Ndemangazo zimakumbutsa wowerenga kuti bukuli ndi mboni imodzi yoyenera kufunsidwa. Koma ndi angati mwa ife amene tinaziona? Ambiri tinaphunzitsa buku la Chichewa lokha, ngati kuti mlandu unatha.

Wina anganene kuti, ngati pakamwa pasokonezeka, tithawire ku mapepala. Ndinapita ku Zomba, ku nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko, imene inakhazikitsidwa mu 1947. Kumeneko wofufuza amalemba pempho, nadikira mtokoma wa makalata ofiirira ndi ukalamba, natha tsiku lonse kuti apeze mizere iwiri. Ayeneranso kudziwa kuti nyanja ya Salima inkalamulidwa kale kuchokera ku Boma la Dowa, apo ayi adzafuna m'malo olakwika. Ndiponso moto umene unatentha maofesi a Boma ku Zomba mu 1919 unaononga makalata ambiri a zaka zoyambirira. Otsalawo amanena za msonkho, milandu ndi malire a mafumu, monga anaonera Bwana wa Boma kudzera mwa womasulira. Nawonso ndi mboni imodzi, yokhala ndi mbali yake.

Njira yabwino yowerengera a Ntara atisonyeza Yusuf Juwayeyi, amene anakumba pansi pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, nafalitsa zopeza zake m'buku la mu 2020. Anatsata zonena za makolo kuti adziwe pokumba, koma analola nthaka kuyankha yokha. Anapeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, zinthu za mkuwa ndi za minyanga ya njovu, umboni wakuti mudziwo unkachita malonda ndi maiko akutali. Apa buku linakhala mlozo wa ulendo, ndipo khasu linaonjeza zimene pakamwa panaiwala.

Tsiku lotsiriza ndinabwerera kwa agogo aja, ndipo sindinafunsenso za Kalonga. Ndinafunsa za doko limene amayi ao ankatsukirapo mbale, za kumene mbeu ya mpunga wao inachokera, za mmene Ayao ndi Achewa anayambira kukwatirana pa gombe limeneli, ndi za zaka zimene nyanja inasefukira nimeza minda. Pamenepo analeka kulankhula ngati mwana woyankha mayeso. Anayamba kukayika, kudzikonza, ndi kuitana alongo ao kuti awakumbutse, ndipo awiriwo anatsutsana kufikira dzuwa litapendeka. Kope langa la tsiku limenelo ndi lodetsedwa ndi zofufuta, koma ndilo ndimalisunga mosamala koposa, pakuti zili m'menemo sizili ku Zomba kapena m'buku lililonse limene ndawerenga.

Chotero, aphunzitsi anzanga, Mbiri ya Achewa iwerengedwe ndithu m'makalasi mwathu, pakuti ndi chuma. Koma potuma ana kukafunsa akuluakulu, tiwauze alembe zinthu zinayi pamwamba pa tsamba: amene wanena, malo, tsiku, ndi kumene wonenayo anazimva. Akapeza zosiyana ndi za m'buku, asazikonze, ndipo ife tisawachotsere malikisi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. A Ntara anafunsa pa nthawi yao, ndipo tidzawalemekeza koposa tikapitiriza kufunsa, pamene okhoza kutiyankha akali ndi moyo.