Kodi nkhondo idabwera ndi yani?

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idatha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Roma. Idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri a kuno ku Angónia adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mpaka lero anthu amatsutsana za cimene cidaiyambitsa. Tiyeni tiyese mayankho awiri amene timamva.

Ena amati nkhondo idacokera kunja. Akunena zoona. Mu Marici 1976 Samora Machel adatseka malire a dziko lathu ndi Rhodesia. Akazitape a boma la Ian Smith adathandiza kukhazikitsa Renamo, naipatsa mfuti. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma latsankho la South Africa lidapitiriza nchitoyo.

Koma yankho limeneli n'lopelewera. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala chire. Nanga chire la kwathu lidali lotani? Boma la Frelimo lidalanda mafumu mphamvu. Lidanyoza miyambo ya makolo. Lidasamutsira anthu m'midzi yatsopano, kutali ndi minda ndiponso manda awo. Kuno ku Angónia, minda yaikulu imene atsamunda adasiya idapita ku kampani ya boma ya CAIA, alimi akuyang'ana. Mitima yambiri idawawa, ndipo Renamo idapezerapo mwai.

Tsono ena amati idali nkhondo yoombola alimi. Apa tikukana. Renamo inkagwira anyamata ndi kuwaphunzitsa kupha. Inkasenzetsa amai katundu maulendo ataliatali. Inkatentha masukulu ndi zipatala. Makolo athu adalawa cibalo ca Apwitikizi, ndipo amadziwa dzina la zinthu zotere. Kugwira munthu ndi kumugwiritsa nchito ndi mfuti ndi ukapolo, ngakhale wogwirayo akhale m'bale wako. Asilikali a boma nawonso adalanda cakudya ndi kuzunza anthu wamba.

Wonena za Smith yekha akubisa zolakwa za boma. Wonena za mafumu okha akubisa amene adapereka mfuti. Ana athu sadaione nkhondoyi. Tikawauza theka lokha, adzakula ndi cidani ca mbali imodzi, ndipo wobwera ndi mfuti sadzavutika kuwakopa. Tiwauze zonse.

Tikambirane:
1. Ndani adathandiza kukhazikitsa Renamo?
2. Ndi zinthu ziti zimene zidawawitsa alimi mtima?
3. Kodi dandaulo la pamudzi tingalithetse bwanji lisadabale nkhondo?